Tepi ya Chitsime ndi Mboni Yake

Chileka, 1994

Ana anga, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa, sindizilembanso. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Ndiyambira pa ntchito imene inandipatsa dzina, pakuti mpaka lero ku Lirangwe amanditchula a Magombo a matepi.

Chaka cha chisankho cha matipate, a Chimenya, amene anali atapuma ntchito ya katundu ku bwalo la ndege, anatsegula kashopu kobwereketsa matepi a filimu pafupi ndi msika wa Chileka. Mantha akale atachoka, matepi anayamba kutuluka ngati ngumbi. Ena ankabwera ndi anthu a ndege, ena ndi obwerera ku Joni, ena osadziwika n'komwe kochokera. Ambiri analibe zikuto. A Chimenya anandilemba ntchito chifukwa cha dzanja langa basi. Anandipatsa bolopeni, ndinalemba dzina langa pa katoni, iwo anayang'ana zilembozo nati, "Mawa m'mawa mubwere."

Sabata yoyamba yomweyo tinalakwa. Mphunzitsi wina anabwereka tepi imene winawake anailemba kuti English. Anaitana apongozi ake ndi anansi, anayala mikeka, anagula ndi zakumwa. M'mawa mwake anatiponyera tepiyo pa kauntala. Anthu a m'filimumo ankalankhula Chitchaina, ndipo mawu olembedwa pansi pa chithunzi anali a zilembo za Chiarabu. Iye atachoka, a Chimenya anati, "A Magombo, munthu uja sitinamubere kanthu, koma tamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi. Zisachitikenso."

Sizinachitikenso. Ndinakonza kachitidwe kanga. Pa msana pa tepi iliyonse ndinkamata kapepala ka mizere itatu. Mzere woyamba: chilankhulo chimene anthuwo akulankhula pakamwa. Wachiwiri: chilankhulo cha mawu olembedwa pansi, ngati alipo. Wachitatu: mboni. Mboni anali munthu wodziwa chilankhulocho, amene wamvetsera tepiyo pamaso panga n'kundiuza zimene zikunenedwa. Wongoti "chikumveka ngati chakuti" sindinkamuyesa mboni. Mboni ikasowa, mzere woyamba unkakhala wopanda kanthu, ngakhale ine mwini ndikhale ndikuganizira.

Kachitidweka kanandiyendetsa. Ndinkaima pa msewu wa ku bwalo la ndege kudikira odzachingamira abale awo. Mmwenye wina wa sitolo ku Limbe anakhala pa benchi yathu akumwa tiyi wanga, nandiphunzitsa kuti kulibe chilankhulo chotchedwa Chimwenye: iyi ndi Chihindi, iyi ndi Chitamili, ndipo ya Chitamiliyo iye sankaimva, anakana kuichitira umboni. Ndinamulemekeza pa chimenecho. Telala wa ku Kongo anandilekanitsira Chifalansa ndi Chilingala. Anthu ankaseka kuti ndikuchita ngati khoti. Ankaseka, koma ankabwera kwathu, chifukwa tepi ya a Magombo inkalankhula zimene yalembedwa.

Zosowa zinali zambiri. Magetsi akathima ndinkabweza matepi ndi chala. Mitu yowerenga tepi ya m'makina oonetsera filimu ndinkaipukuta ndi kansalu konyika mu sipiriti. Tepi ikaduka ndinkailumikiza ndi selotepi wodula mopyapyala ndi lezala. Mapepala ndinkang'amba kumapeto kwa makope anu akale, iwe Feliya uyenera kukumbukira. Guluu atasowa ndinaphika phala la ufa wa chinangwa. Linamata bwino, koma mphemvu zinadya timapepala ta shelefu yonse ya Chifalansa, ndipo ndinapita kukamupepesa telala uja kuti abwerenso.

Lirangwe, patapita zaka zitatu

A Chimenya anatsegula shopu yachiwiri ku Lirangwe, m'mbali mwa msewu, yokhala ndi chipinda cha mabenchi choonetseramo mafilimu. Ananditumiza kumeneko. Ndinakondwera, chifukwa munali pafupi ndi mudzi wa mayi anu kumene tinkakhala, ndipo njinga yanga inapuma. Woyang'anira anali mwana wamwamuna wa a Chimenya, Gifiti. Anali ndi ndevu kale ndi ana awiri, koma ndinamudziwa kalekale akadali wa yunifomu ya sukulu, choncho iye ankanditchula madala, ine n'kumamutchula Gifiti. Sanali munthu woipa. Makina ankawadziwa kuposa ine. Vuto lake linali liwiro.

Nthawi imeneyo matepi osajambula anasowa mpaka ku Limbe. Anthu a ku Lirangwe ankafuna mafilimu ankhondo atsopano, makamaka tsiku la msika. Gifiti ankabwereka tepi yatsopano kwa anzake m'tauni, n'kulumikiza makina awiri, n'kuijambula pamwamba pa tepi yathu yakale. Inu a masiku ano simudziwa: tepi inali ndi kachibowo kumbuyo. Kachibowoko kakakhala kotsegula, makina ankakana kufufuta. Ukamatapo selotepi, basi, zonse zinkapita. Bambo ake atamva anabwera ndi ndodo yawo pa minibasi, nati, "Gifiti, tepi imene mizere yake itatu yadzaza ili ndi eni ake, usaikhudze. Yopanda mboni ndiye ilibe mwini. Imeneyo ungafufute." Gifiti anasunga mawuwo. Ndikumuyamikira.

Dzinja la chaka chomwecho

Tinalandira katoni ya matepi osiyidwa ndi anthu amene ankagwira ntchito ndi othawa nkhondo a ku Mozambiki. Munali imodzi yopanda chikuto. Inali filimu ya anthu akumudzi akukumba chitsime. Munalibe mfuti, munalibe galimoto. Mwamuna wina wamakani amalowa m'dzenjemo m'mawa osafuna kutuluka, mkazi wake n'kubwera ndi chakudya, kuima pamphepete, kumukalipira nthawi yaitali. Pansi pake pankatuluka mawu olembedwa, afupiafupi.

Ndinaitana dalaivala wa thiraki wa ku Tete, a Domingo, amene ankakonda kuima pa Lirangwe kudya kanyenya. Anamvetsera akutafuna.

"Zolembedwazi ndi Chipwitikizi, bambo," anatero. "Apa alemba kuti, bwerani mudzadye. Lembani dzina langa, ndavomera. Koma zapakamwazi si zathu. Ife ku Tete sitilankhula chonchi."

"Mayiyu walankhula zambiri," ndinatero. "Zonsezo akuti bwerani mudzadye basi?"

"Wolembayo anali waulesi, bambo. Kapena mayiyo watukwana."

Gifiti anaseka, nati, "Madala, tepi yachokera ku Mozambiki, pansi Chipwitikizi. Pamwamba lembaninso Chipwitikizi, tithane nazo."

Ndinakana. Ndinalemba mzere wachiwiri wokha. Gifiti anagwedeza mapewa. "Chabwino. Ndiye kuti ilibe mwini. Tsiku la msika la kumapeto kwa mwezi ndijambulapo yankhondo." Ndinamupempha kuti aisiye ndimupezere ina. Anati, "Muipeza kuti, madala? Limbe yonse ndazungulira." Sankanama.

Ndinayesa a Saidi a butchala. Anapendeketsa mutu, nati, "Si Chiyao ichi, a Magombo. Mawu ena akukhudza khutu, koma si chathu." Tsiku lina masana ndinaiika m'chipinda cha mabenchi filimu yeniyeni isanayambe. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Chinguru ichi!" Chipinda chonse chinagwa ndi phwete, poti limenelo ndi dzina lonyozera Chilomwe. Ndinaimitsa makina, ndinayatsa nyale, ndinati, "Amene wamva andiuze zimene mayiyu akunena." Ndinkawadziwa anthuwo mmodzimmodzi. Pamabenchi amenewo panali ambiri amene agogo awo anadutsa kuseri kwa Mulanje kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Ena chilankhulocho anachitayadi. Ena anali kuyang'ana nsapato zawo.

Tsopano ndinene za mayi anu, pakuti ichi simuchidziwa bwino. Agogo awo anachokera komweko. Amayi awo, amene inu simunawaone, ankalankhula nawo Chilomwe ali mwana. Kusukulu atsikana anzawo ankawatsatira panjira akuimba zoti kwanu mumadya njoka. Anasiya. Amayi awo atamwalira, panalibenso wolankhula naye. Zaka zonse za ukwati wathu sindinamvepo liwu limodzi la chilankhulocho m'nyumba mwathu. Ndinkadziwa kumene anachokera monga mudzi wonse unkadziwira, koma sindinafunsepo. Kalongonda, nyemba zimene anthu a kwawo amadziwika nazo, ankaphika, ndipo ankaphika bwino, koma kukabwera alendo ankamubisa.

Masana aliwonse ankandibweretsera chakudya ku shopu. Ankasiya mbale pa kauntala n'kubwerera osayang'ana kanema, chifukwa ankati mafilimu ndi phokoso la anthu osowa munda. Tsiku limenelo tepi ya chitsime inali m'makina, ine ndikupukuta mashelefu. Anasiya mbale. Anatembenuka kuti azipita. Anafika pakhomo, naima, nsana uli ku kanema. Mayi wa m'filimu uja anafika pamphepete pa dzenje n'kuyamba kukalipa. Kenaka ndinamva mayi anu akuseka. Kunali kuseka kwa kamtsikana, kotulukira m'mphuno, kumene ndinali ndisanakumvepo. Anagwira pakamwa ndi chitenje, natuluka mofulumira.

Madzulo ndinawapeza akupalira nandolo kuseri kwa nyumba. Ndinatenga khasu lina, tinapalira mizere yoyandikana.

"Amake Feliya," ndinatero, "mwaseka chiyani masana aja?"

"Ine? Ndakhosomola."

"Chifuwa chimenecho n'chachilendo."

"Fumbi la matepi anu." Anazula udzu, naukutumula dothi. "Sindinamve kanthu, abambo ake Feliya. Musandifunsenso."

M'mawa mwake ndinakhala pa kauntala, tepi kudzanja lamanzere, bolopeni kudzanja lamanja. Pa ntchito yanga yonse palibe m'mawa umene unandilemera ngati umenewo. Chilankhulocho tsopano ndinkachidziwa. Ndikanalemba mzere woyamba, tepiyo ikanapulumuka. Koma mzere wachitatu unkafuna dzina. Ndikanatha kupeka dzina la munthu wodutsa, ndipo palibe akanafufuza. Koma kuyambira tsiku limenelo matepi onse a m'mashelefu akanakhala okayikitsa, ndipo wodziwa ndikanakhala ine. Ndikanathanso kulemba dzina la mayi anu, popeza chinali choonadi. Pamenepo ndikanatenga chinthu chimene anachibisa kuyambira ali mwana n'kuchimata pa shelefu, pomwe aliyense wa pa Lirangwe akanachiwerenga. Koma ndikasiya osalemba, Gifiti akanafufuta malo okhawo amene mawu a amayi awo anali kumvekabe. Kunyumba tinalibe magetsi kapena makina. Tepiyo moyo wake unali m'shopumo basi.

Ndinatseka bolopeni. Ndinaganiza kuti tepi ndi tepi, koma mkazi wanga si wa m'shelefu.

Chimene ndinachita ndi ichi. Masana aliwonse, ndikaona chitenje chawo chikudutsa pa ogulitsa matimati, ndinkaika tepi ya chitsime m'makina. Gifiti atafunsa ndinati ndikuyesa mitu ya makina. Anandiyang'ana, napitiriza ntchito yake. Tsiku loyamba mayi anu anaima pakhomo pang'ono. Tsiku lachiwiri anati adikira mbale, popeza ndimaiwala kuibweza, chinthu chimene sindinachitepo. Anakhala pa benchi ya m'khonde, nsana ku khoma, khutu kuzenera. Ine ndinkadya pang'onopang'ono. Mbatata imodzi ndinkaitafuna ngati ng'ombe. Filimu ikatha ndinkatulutsa mbale, iwo n'kunena kuti, "Mwachedwa," ine n'kuyankha kuti, "Mano." Kamodzi ndinawaona pazenera milomo ikuyenda, akutsatira mawu a mayi uja popanda liwu. Ndinayang'ana kumbali.

Tsiku la msika litayandikira ndinawauza tikupita kumunda. Ndinati, "Tepi ija Gifiti aifufuta mawa m'mawa. Ilibe mboni. Sindikukupemphani kanthu. Ndangoti mudziwe, musadzadabwe masana." Anayenda mpaka pa mtengo wa mango. Pamenepo anati, "Mwanola khasu?" Ndinati ndanola.

Tsiku la msika

Ndinatsegula shopu m'mawa. Gifiti analumikiza makina ake awiri. Anatenga tepi ya chitsime, anadula selotepi ndi mano, namata pa kachibowo. M'khonde munali anthu kale: a Saidi akudikira mbuzi yawo, mayi wina wogulitsa matimati akuyala thumba lake, ndi ena obisala dzuwa. Ine ndinali kukonza mashelefu amene anali okonza kale.

Mayi anu analowa. Sinali nthawi ya chakudya ndipo analibe mbale. Anavala chitenje cha ku tchalitchi ndi duku loyera.

"Gifiti, mwana wanga," anatero, "taiyika kaye imeneyo. Upititse pamene mayi uja wafika pa chitsime."

Gifiti anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana shelefu. Anaiyika. Mayi wa m'filimu anafika pamphepete, anatula dengu, nayamba. Mayi anu anaima pakati pa shopu, manja atagwirana kutsogolo ngati akupereka chilengezo ku tchalitchi.

"Akuti, tuluka m'menemo iwe, madziwo sathawa. Akuti, ndaphika kuyambira m'mawa, anzako adya, chakudya chako chazizira. Akuti, ukafera m'dzenjemo, ife tidzamwa chiyani?"

A Saidi anaseka mpaka anagwira chitseko. Gifiti naye anaseka, kenaka analeka, atazindikira chimene chinali kuchitika. Anthu a m'khonde anali atasuzumira pazenera. Mmodzi anayamba kunena, "Kodi amake Feliya ndi a..." koma sanamalize, chifukwa mayi wa matimati uja analankhula ali pakhomo, osayang'ana munthu.

"Mwasiyako pena, achemwali. Watinso mutu wake uli ngati mtondo."

Mayi anu anatembenuka. Akazi awiriwo anali atagulitsana matimati zaka zambiri. Anayang'anana. Kenaka mayi anu anamuyankha, osati m'Chichewa. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinangoona mayi wa matimati akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, uku akuseka.

Gifiti anatulutsa tepiyo n'kundipatsa ndi manja awiri. "Madala, mboni yapezeka."

Ndinatsegula bolopeni. "Ndilembe chiyani, amake Feliya?"

"Chilomwe."

Ndinalemba. "Mboni?"

"Lembani Esinati. Osati amake Feliya. Dzina limenelo anandipatsa ndi amayi anga."

Ndinalemba Esinati, zilembo zoima bwino kuposa zonse zimene ndinalembapo. Kenaka ndinalowetsa chikhadabo pansi pa selotepi uja n'kumumatula. Tsiku limenelo filimu yankhondo sinaonetsedwe. Gifiti anabwereza yakale, anthu anadandaula, iye anawauza kuti amene sakufuna akaonere ku Lunzu.

Lero

Sindinena kuti tepiyo inatchuka. Inkabwerekedwa mwa apo ndi apo, kawirikawiri ndi anthu achikulire, ena akuiika pansi pa tepi ina kuti isaoneke. Mayi anu sanayambe kulankhula Chilomwe pamsika, ndipo inu sanakuphunzitseni; anati kwachedwa. Koma kalongonda anasiya kumubisa. Ndipo masana ndikachedwa kutuluka m'mashelefu, ankaima pakhomo la shopu ndi mbale, n'kundikalipira ndi mawu a mayi wa pa chitsime uja, onse, mpaka pa mtondo. Amenewo ndinkawamva popanda zolembedwa pansi.

Madisiki atabwera, matepi anatha ntchito, ine ndinapuma. Gifiti anagulitsa mashelefu, matepi anawathira m'matumba. Ya chitsime yokha anabwera nayo kunyumba yekha pa njinga. Nthawi imeneyo mayi anu anali atatisiya kale.

Ili m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi langa, yokulunga m'duku loyera. Makina oionera kulibenso, ndipo mwina nkhungu inaidya kale mkati. Zilibe kanthu. Mizere yake itatu ndi yodzaza, ndiye kuti ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndinu. Mukadzaitembenuza mudzaona kachibowo kumbuyo kali kotsegula. Musadzamatepo kanthu.